Wazaka 45 akadye kuti?

Mukamawerenga zidziwitso za ntchito m'nyuzipepala, kapena zija zimazungulira m'magulu a WhatsApp muno mu Mzuzu, musamalekezere pa mzere wa maphunziro. Tsikani mpaka kumunsi. Kawirikawiri mupezako kachiganizo kamodzi kamene kabweza anthu ambiri pakhomo kuposa kusowa kwa digiri: wofunsira asapitirire zaka 35. Ena amakwezako pang'ono kufika pa 40, ena ouma mtima amadula pa 30. Ikanakhala ntchito ya usilikali ku Moyale, yothamanga ndi mfuti m'mapiri a Kaning'ina, sindikanataya inki. Koma ndi ntchito yowerengera ndalama, yosunga katundu, yoyendetsa galimoto ya bungwe, yolandira alendo pa ofesi. Ntchito zofuna mutu wokhazikika, manja osaba ndi munthu wosachedwa m'mawa.

Kachiganizo kameneka ndi tsankho. Kungoti takazolowera, timakawerenga osagwidwa n'komwe ndi mkwiyo.

Chodabwitsa n'chakuti dziko lomweli lili ndi muyezo wina pa mipando yonona. Malamulo aakulu a dziko lino amati munthu sangapikisane nawo pa upulezidenti asanakwanitse zaka 35, ndipo kumtunda sanaikeko malire. Pa 16 Sepitembala 2025 tinafola pamzere kuyambira m'bandakucha n'kupereka dziko m'manja mwa Peter Mutharika ali ndi zaka 85, kulowa m'malo mwa Lazarus Chakwera yemwe anali ndi zaka 70. Aphungu athu anakwezanso zaka zopumira oweruza milandu kuchoka pa 65 kufika pa 70. Sindikudandaula nazo zimenezo. Ovota anasankha mwaufulu, ndipo woweruza wodziwa ntchito yake sindiona chomuthamangitsira kumudzi. Funso langa n'lakuti: ngati pa zaka 35 munthu wangofika kumene pomudalira ndi dziko lonse, zikutheka bwanji kuti pa zaka 36 akhale wotha ntchito moti sangawerenge matumba a simenti ku Luwinga?

Anthu amene akuwombedwa ndi mpanda umenewu si ochepa, ndipo sanachite kufuna kukhala pamsewu. Mu Sepitembala 2022 boma linatseka ADMARC kuti liikonzenso, antchito oposa 3,000 n'kuchotsedwa. Ambiri anali anthu okulira pa sikelo, odziwa chimanga chouma pongochiluma ndi dzino, ena mwa iwo anagwira zaka zambirimbiri pa depoti ya ku Katoto. Chaka chomwecho masitolo a People's, amene ambirife timawatchulabe kuti PTC, anatsekedwa. Mu Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lodzera ku USAID, ndipo mapulojekiti a zaumoyo, ulimi ndi maphunziro anaima mwadzidzidzi. Mzuzu ndiye likulu la mabungwe otumikira ku Chitipa, Karonga, Rumphi, Nkhata Bay ndi Mzimba, kotero madalaivala, owerengera ndalama ndi alangizi amene anatsala manja m'khosi timakumana nawo m'tauni muno. Amene anachotsedwa mu 2022 n'kulandira kangachepe kosiyira ntchito anakaona kakusungunuka mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti.

Tsono munthu wazaka 45 kapena 50 ndiye amene wasenza mudzi. Ana awiri ali ku sekondale, wina ku koleji, lendi ikudikira ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa, makolo ku Euthini kapena ku Nthalire akuyembekeza feteleza, ndipo m'nyumba muli ana a malemu achimwene. Uwu ndi m'badwo umene unaika abale ake m'manda motsatizana m'zaka za m'ma 1990, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, n'kulera ana amene anatsala. Cha m'ma 2000 Mmalawi ankayembekezeka kukhala ndi moyo zaka zosafika 50. Lero tadutsa 60. Tinalimbana kuti anthu asiye kufa msanga, zatheka, koma olemba ntchito akuwerengabe ngati wazaka 45 watsala ndi masiku owerengeka. Munthuyo ali ndi zaka makumi awiri kapena kuposerapo zoti adye, avale, alipire madzi ndi magetsi. Akazipeza kuti?

Mukayang'ana m'mabuku a boma, munthu ameneyu simumupeza. Ndondomeko ya achinyamata imati unyamata umathera pa zaka 35. Lamulo loteteza okalamba, limene Nyumba ya Malamulo inavomereza mu 2024 mabungwe ngati MANEPO atalimenyera nkhondo kwa nthawi yaitali, limayambira pa zaka 60. Pakati pamenepa pali zaka 25 zopanda mwini. Maphunziro a ntchito zamanja m'makoleji a m'madera, pulogalamu ya boma yotumiza omaliza maphunziro kukaphunzira ntchito m'maofesi, ulendo wokagwira ntchito m'minda ya ku Israel, zonsezi amazilengeza ndi mawu amodzi: achinyamata. Penshoni yokakamiza, ija bwana amaponya 10 peresenti wantchito n'kuponya 5, inayamba ndi lamulo la 2011, kotero amene analowa ntchito m'makampani ang'onoang'ono nthawi ya Bakili Muluzi anagwira zaka zambiri osasungiridwa kanthu. Wakula kwambiri kuti athandizidwe ngati mnyamata, sanakule mokwanira kuti amveredwe chisoni ngati agogo.

Lamulo la ntchito la 2000, mu gawo 5, limaletsa tsankho polemba ntchito, ndipo ubwino wake limateteza ngakhale amene akungofunsira kumene. Limatchula mtundu, khungu, kukhala mwamuna kapena mkazi, chilankhulo, chipembedzo, maganizo a ndale, ulumali, chuma, za banja. Zaka za munthu silinazitchule. Gawo 20 la malamulo aakulu nalonso silinazitchule. Anzanga a zamalamulo andiuza kuti magawo onse awiri ali ndi kamchira kotsegulira khomo zifukwa zina zosatchulidwa, ndipo zaka zikhoza kulowera pamenepo. Mwina. Koma bambo amene wayenda wapansi kuchokera ku Zolozolo chifukwa chosowa ndalama ya basi sangalembe loya wokatanthauzira kamchira kameneko m'khoti, ndipo wolemba anthu ntchito amaopa chokhacho chimene chalembedwa poyera.

Anzathu ena anachilemba poyera. Ku South Africa, kumene anyamata a ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay akhala akupita kuyambira nthawi ya migodi, malamulo aakulu a 1996 ndi lamulo la chilungamo pa ntchito la 1998 amatchula zaka mwachindunji. Kenya inachita chimodzimodzi m'malamulo ake aakulu a 2010. Ku America lamulo loteteza antchito a zaka 40 kupita m'tsogolo lilipo kuyambira 1967, ndipo bungwe la ntchito padziko lonse la ILO linalangiza maiko za nkhaniyi mu 1980. Sindikunena kuti kumeneko tsankho linatha; mtima wa munthu sukonzedwa ndi gawo la lamulo. Koma kumeneko wolemba ntchito sangasindikize tsankho lakelo m'nyuzipepala, ndipo wolakwiridwa ali ndi pokaima.

Kuno kumpoto nkhaniyi ili ndi ululu wakewake, chifukwa ambiri a ife sukulu tinamaliza mochedwa, ndipo sikunali kugona. Ndondomeko ya kota, yosankhira ana ku yunivesite potengera boma lochokera, imene inabwezeretsedwa mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika n'kudzathetsedwa mu 2020, inasiya panja ana ambiri okhoza bwino a ku Rumphi, Karonga ndi Mzimba. Sanakhale pansi kumalira. Ena analembanso MSCE, ena analowera uphunzitsi ku Karonga TTC, ena unamwino ku Ekwendeni, n'kumadzikoka pang'onopang'ono mpaka kudzalowa ku Mzuni kudzera m'maphunziro ophunzira uli kwanu, kapena ku University of Livingstonia, akudzilipirira okha fizi pa kamalipiro komwe akudyetsanso banja. Digiri anadzaigwira ali ndi zaka 38, ena 42. Ngakhale amene analowa nthawi yabwino anataya miyezi yambiri: laibulale ya Mzuni itapsa mu Disembala 2015 sukulu inatsekedwa, mu 2020 kunabwera Covid-19, osanenanso za masitalaka. Onjezerani amayi amene anasiyira sukulu panjira chifukwa cha mimba kapena banja, n'kubwerera m'kalasi ana atasinkhuka, monga momwe boma ndi mabungwe amawalimbikitsira tsiku ndi tsiku pa wailesi. Tawawombera m'manja pa tsiku lovala gauni, m'mawa mwake n'kuwauza kuti abwera mochedwa.

Ndiye muone masamu ake. Chidziwitso chimodzi chikufuna digiri, zaka 10 zogwira ntchitoyo, komanso munthu wosapitirira zaka 35. Ndiye kuti anamaliza koleji ali ndi zaka 25 n'kulowa ntchito m'mawa mwake. Ndi mwana wa yani amene zimamuyendera choncho m'Malawi muno? Ndi uja sanabwerezepo kalasi chifukwa cha fizi, ndipo amalume ake ali ndi mpando kwinakwake ku Capital Hill. Malire a zaka amasefa osauka, ngakhale sawatchula dzina. Nthawi zinanso, tinene zoona, chidziwitsocho amachisoka motengera msinkhu wa munthu amene anamusankha kale, enafe n'kumangotaya ndalama ya fotokope.

Mukawafunsa pambali olemba ntchito, zifukwa sizisowa. Akuti akuluakulu sadziwa kompyuta, safuna kuphunzira zatsopano, atsala pang'ono kupuma. Za kompyutazo n'zosavuta: mukhazikeni munthuyo pa makinawo mphindi makumi awiri, alephere mukuona, osati kumulepheretsa pongowerenga chaka chimene anabadwa. Pitani ku msika wa Taifa mukaone amayi a imvi akuitanitsa katundu ku Dar es Salaam pa WhatsApp, n'kulandira ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba osaphonya ngakhale tambala. Za kupumazo ndiye zoseketsa. Wazaka 45 watsala ndi zaka 15 kuti afike pa 60, pamene pulojekiti imene mukumukaniza ikutha pa zaka zitatu. Mabwana omwewa ndi amene amadandaula kuti achinyamata sakhalitsa ku Mzuzu, akangophunzira ntchito amathawira ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Munthu amene anamanga kale ku Chiputula, ana ake ali pa sukulu pompano ndipo ndi mkulu wa mpingo, sathawira kwina kulikonse.

Zifukwa zenizeni sazilemba. Munthu wamkulu amafunsa kalata ya ntchito. Amadziwa kuti maola owonjezera amalipiridwa, amafufuza ngati penshoni yake ikutumizidwadi, ndipo ofesi ya leba akudziwa pamene ili. Mnyamata amene wakhala zaka zinayi pakhomo amavomera chilichonse, ngakhale kugwira miyezi isanu ndi umodzi akungolandira ya thiransipoti. Wolemba ntchito akamati akufuna magazi atsopano, nthawi zambiri akufuna munthu wotchipa komanso wosayankha. Achinyamata asaganize kuti akukondedwa.

Chifukwa china chimandipweteka koposa, poti chimabisala m'mwambo wathu. Bwana wazaka 32 amaona kalata ya munthu wa msinkhu wa bambo ake n'kunena kuti, "Adada amene aja ndingawatume bwanji? Akalakwitsa ndingawadzudzule bwanji?" Zimamveka ngati ulemu. Koma ndi ulemu wanji umene umabweza munthu kunyumba chimanjamanja? Pa intaviyu timawaimirira, kuwapatsa moni ndi manja awiri, kuwaperekeza mpaka pakhomo, akangotuluka kalata yawo n'kuiponya pansi pa mulu. Pamaliro ndi pa chinkhoswe timanena mokweza kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma Lolemba mu ofesi sitiwafuna pafupi. Bwana amene sangathe kutsogolera munthu womuposa zaka ndiye amene sakukwanira pa mpando wake, ndipo kawirikawiri chimene akuopa si kutuma ayi, akuopa kuti mkuluyo adzaona pamene iye akulakwitsa.

Umboni wakuti nkhani si mphamvu za thupi uli pa geti. Bambo yemwe uja anamukana ntchito yosunga katundu masana, akapita kukafunsira ulonda amamulemba tsiku lomwelo. Usiku wa mu Juni, ndi kuzizira kwa Mzuzu kolowa m'mafupa kuja, mudzamupeza atafunda chijasi panja pa ofesi yomwe ija, chibonga m'manja, akudikira akuba a msinkhu wa ana ake. Pa siteji ya njinga za Sacramento palibe amafunsa chaka chobadwa, ngakhale kupalasa njinga utanyamula munthu pa zitunda za ku Masasa kumafuna mapapo a mnyamata. Zaka zimayamba kuwerengedwa pokhapokha ntchitoyo ikakhala ya pampando, ya malipiro a pamwezi ndi penshoni.

Ndikudziwa chimene achinyamata andiyankhe, ndipo sindikuchipeputsa. Kalembera wa 2018 anapeza Amalawi 17.5 miliyoni, theka la iwo osafika zaka 18. Mzuzu yokha inali ndi anthu oposa 220,000, ndipo ikukula mothamanga. Ana a madigiri akugulitsa mayunitsi ndi kaunjika, ntchito 1 miliyoni zimene analonjezedwa pa kampeni ya 2020 akuziyang'anabe kunjira. Akamati madala apume tilowe ife, akulankhula ndi njala, osati mwano.

Koma ana anga, mwaloza munthu wolakwika. Amene ndikumunena pano sakukakamira mpando ayi, ali panja pa geti limodzi ndi inu, envulopu yake yakhaki m'khwapa. Okakamira mipando ndi aja amapuma lero, mawa n'kupatsidwa kontirakiti ina pamwamba pa kampani ya boma, ndipo amenewo kachiganizo ka zaka 35 sikawakhudza. Maiko ngati Britain, France ndi Belgium anayesapo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 kupumitsa anthu msanga kuti achinyamata alowe m'malo mwawo, koma ulova wa achinyamata sunathe, ndipo pambuyo pake anayamba kubwerera m'mbuyo. Ntchito sizichuluka pochotsa munthu pamzere, zimachuluka fakitale ikatsegulidwa ku Luwinga, khofi wa ku Misuku ndi ku Phoka akamagulidwa bwino, magetsi akamayaka. Kwathu kuno malipiro a wazaka 48 ndi amene amalipira fizi ya wazaka 17. Bambo kapena mayi akachotsedwa ntchito osapezanso ina, woyamba kugwa ndi mtsikana wa Fomu 3. Komanso werengani zaka zanu. Amene wamaliza koleji ali ndi zaka 27 n'kukhala pakhomo zaka zisanu ndi zitatu, mpanda womwewu udzamutsekera asanalaweko n'komwe malipiro a pamwezi.

Kwa inu akuluakulu anzanga ofuna ntchito ndilinso ndi mawu, ndipo ena sakoma. Choyamba, lekani kudula zaka. Kale zinkatheka, munthu ankabadwanso kachiwiri pa pepala ngati osewera mpira aja. Chiyambire chiphaso cha unzika mu 2017, tsiku lanu lobadwa lili ku banki, pa nambala ya foni ndi pa mapepala ena ambiri, ndipo bodza likadzaululika mudzachoka mwamanyazi ndi mlandu pamutu. Kuda tsitsi ndi nkhani yanu ndi galasi lanu, koma mapepala asiyeni momwe alili.

Tivomerenso kuti enafe timadzitsekera tokha. Munthu amabwera ndi CV ya masamba asanu ndi awiri yoyambira ku pulayimale, imelo alibe, akafunsidwa za Excel n'kuyamba kufotokoza mmene zinthu zinkayendera nthawi ya Kamuzu. Ofunsawo sakufuna mbiri ya dziko, akufuna kudziwa chimene muwachitire mwezi wamawa. Masamba awiri akwana, ndipo pamwamba pakhale zimene munakonza kumene munali: ngongole zimene munatolera, katundu amene sanasowe m'manja mwanu, zaka zimene munayendetsa galimoto pa Chiweta popanda ngozi. Mwana wanu yemwe mukumulipirira fizi akhoza kukuphunzitsani kompyuta madzulo aliwonse, bola muchotse manyazi. Amisiri amene mwamanga nyumba theka la Mzuzu popanda setifiketi, a TEVETA ali ndi njira yoyesa luso limene munthu analiphunzirira pa ntchito n'kumupatsa pepala. Kafunseni ku ofesi yawo. Ndipo mukaitanidwa, nkhani ya bwana wamng'ono iyambeni ndinu. Muuzeni poyera kuti pa ntchito iye ndi bwana, mudzatumidwa ndipo mukalakwa mudzadzudzulidwa, za udada zidzayamba mukaweruka. Mukatero mwamuchotsera mantha amene sakanawatchula.

Mukaona chidziwitso chokhala ndi malire a zaka pa ntchito imene mukuitha, tumizanibe kalata yanu, ndipo chidziwitsocho muchisunge. Akakukanani, alembereni kufunsa kuti zaka zikulowapo bwanji pa ntchito imeneyo. Kadandauleni ku ofesi ya leba ndi ku Malawi Human Rights Commission. Khoti la milandu ya ntchito lili pompano mu Mzuzu, ndipo kamchira ka gawo 5 kaja kakudikira munthu woti akakayese. Mabungwe a apantchito, kuyambira MCTU, akanayenera kunyamula mlandu wotere m'malo modikira tsiku la 1 Meyi kuti agube ndi zikwangwani.

Koma tisamukankhire mtolo wonse munthu amene alibe ntchito. Lamulo la ntchito lomweli limalola kale kusankha anthu pamene ntchitoyo payokha ikufunadi zimenezo, kotero asilikali, apolisi ndi ozimitsa moto sadzavutika. Ena onse afotokoze chifukwa, apo ayi achotse mzerewo. Boma liyambe ndilo, pakuti nthambi zake ndi makampani ake nawonso amasindikiza malire amenewa, ena n'kumatengera. Bungwe la olemba ntchito la ECAM liuze mamembala ake kuti aziyesa luso m'malo mowerenga zaka. Nyuzipepala nazonso, kuphatikizapo ino, zidzifunse: chidziwitso chonena kuti Mtumbuka kapena mayi asafunsire sitingachisindikize ngakhale atalipira bwanji, nanga chokana munthu wazaka 36 timachilandiriranji?

Aphungu a mzinda wa Mzuzu, ambiri mwa inu mu Nyumba ya Malamulomo munadutsa kale zaka 35, ndipo pa tsiku lovota palibe anakufunsani chaka chobadwa. Tikupempha kuti mupititse ku nyumbayo bilo yowonjezera zaka za munthu pa mndandanda wa gawo 5 la lamulo la ntchito. Sizifuna ndalama za bajeti kapena thandizo lakunja, ndipo tidzakufunsani mukadzabwera ku msonkhano ku Katoto.